Kodi Wogwira Makiyi a Nkhokwe Amatumikira Ndani?

Chimanga chikauma m'boma la Chongwe, cha mu Julayi ndi Ogasiti, njira zafumbi zochokera ku Kanakantapa, Lwimba, Kapete ndi Chalimbana zimadzaza ngolo za ng'ombe, njinga ndi timalole tonyamula matumba a makilogalamu 50. Ambiri mwa matumbawa amalowera ku madepoti a bungwe la Food Reserve Agency, limene aliyense amangoti FRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995 kuti lizisungira dziko la Zambia chakudya cha pa tsiku la tsoka. Pa depoti pamakhala sikelo, sefa, kachipangizo koyezera chinyezi, buku la malisiti, ndi munthu amene mawu ake amalandira kapena kubweza thumba lililonse. Chikachoka pamenepo chimanga chimapita ku mashedi akuluakulu, kumene kuli munthu winanso wogwira makiyi, woyankha pa mulu uliwonse wa matumba. Anthu amenewa sitiwaganizira kawirikawiri, ndipo tikawakumbukira ndiye kuti china chasowa. Komatu ntchito yawo ili ndi funso loyenera alaliki ndi onse okonda kusinkhasinkha: munthu wosunga chakudya chimene sanalime, chimene si chake, chimene sadzadya, ali ndi mangawa kwa ndani?

Ena ayankha kuti kwa amene anamulemba ntchito, ena ati kwa mlimi amene waima pamaso pake. Onsewa sanalakwe kwenikweni, koma ine ndikuona kuti mwini weniweni wa chimanga cha m'shedi ndi munthu amene pa tsiku logula kulibe. Ndi mayi wa ku Kanyama kapena ku Mtendere, mu mzinda wa Lusaka, amene adzafune ufa mu Febuluwale mitengo itakwera. Ndi mlimi yemweyo wa ku Lwimba m'chaka chimene mvula idzadula chimanga chikumasula. Pa depoti wina aliyense ali ndi pakamwa: mlimi amadandaula, mwini lole amafulumizitsa, wachigayo amaimba foni, wandale amatuma uthenga. Munthu wa mu Febuluwale yekha ndiye sangabwere kudzadzinenera, sangabweretse nkhuku, sangakasume kwa phungu. Wosunga nkhokwe anaikidwa pa mpando kuti akhale pakamwa pa munthu ameneyu, ndipo kukhulupirika kwake konse kuyenera kuyesedwa ndi funso lakuti: pa tsiku limene munthuyu adzafike, adzapeza chiyani, ndipo chimene adzapezecho chidzakhala chodyeka kodi?

Kuti izi zimveke tiyenera kuyang'ana ntchitoyo mmene ilili, chifukwa ambiri amaiyesa ya kukhala pakhomo n'kumawerenga malole. Chimanga cha m'thumba n'chamoyo, chimapuma, chimatulutsa kutentha. FRA imafuna kuti chinyezi chake chisapitirire 12.5 peresenti, ndipo lamuloli lili ndi chifukwa. Chimanga chonyowa chikaunjikidwa chimatentha, chimachita chuku, chimaitana anankafumbwe. Chimachepanso kulemera: thumba la makilogalamu 50 lolandiridwa pa chinyezi cha 16 peresenti likauma kufika pa 12.5 limatsala ndi makilogalamu 48, ndipo pa matumba 10,000 ndiye kuti matumba 400 apita popanda wakuba aliyense kulowa. Wosunga shedi wodziwa ntchito amayala mitengo pansi kuti matumba asakhudze simenti, amasiya mpata pakati pa mulu ndi khoma kuti mpweya uziyenda ndiponso kuti munthu azizungulira poyendera, amatulutsa chimanga chakale chisanatuluke chatsopano, ndipo amalemba pa khadi la mulu uliwonse zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Akathira mankhwala a mpweya opha tizilombo amaphimba mulu ndi malona osabooka, n'kutsendereza m'mphepete monse, n'kudikira masiku okwanira, chifukwa kuvundukula msanga kumangopha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene nankafumbwe wamkulu wochokera ku Central America analowa m'Zambia kudzera ku Tanzania, kulekerera pa zinthu izi kwakhala kodula kuposa kale, pakuti kachilomboka kamasandutsa njere kukhala fumbi m'miyezi yochepa.

Apa mpamene pali tchimo limene maulaliki athu saligwira bwino. Tinazolowera kuganiza kuti woipa ndi amene wabera, ndipo munthu amene m'thumba mwake simunalowe kanthu timamuona woyera. Koma chimanga chowolera pansi pa denga lodontha chachoka m'kamwa mwa wanjala chimodzimodzi ndi chimene chatuluka usiku pa lole. Choopsa kwambiri n'chakuti chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saoneka, sanunkha, ndipo satha ngakhale nsima ipse bwanji. Amawononga chiwindi ndipo amapinimbiritsa ana. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa atadya chimanga chotere. Kuno ku Zambia, mu Ogasiti 2024, nduna ya zaumoyo a Elijah Muchima inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa ndi chakudya chopangidwa ndi chimanga cha poizoniyu, ndipo atayeza ufa wa m'zigayo zina anaupezanso nawo. Munthu amene walola thumba lonyowa kulowa m'mulu, kapena amene wazengereza kukonza lata lobooka, sadzaona nkhope ya mwana amene wamudwalitsa. Kusaona kumeneko kumamupeputsira mtima, koma sikuchepetsa mlandu. Ngati chikondi cha pa mnansi chimafika kwa mnansi wosaoneka, ndiye kuti kuyeza chinyezi mosamala ndi ntchito ya chikondi, yolemera ngati kuzonda wodwala.

Mabuku opatulika a Akhristu ndi Asilamu omwe ali ndi wosunga nkhokwe wamkulu mmodzi, Yosefe wa ku Ejipito. Buku la Genesis likufotokoza kuti analangiza Farao kusonkhanitsa gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola m'zaka zisanu ndi ziwiri za mwanaalirenji, ndi kuzisunga m'mizinda pafupi ndi minda imene zinachokera. Korani, m'sura ya Yusuf, ikuwonjeza zinthu ziwiri zimene wosunga shedi wa ku Chongwe angazimve msanga. Choyamba, Yusuf analangiza kuti tirigu asungidwe m'ngala zake, osapuntha, monga momwe makolo athu ankaikira chimanga m'nkhokwe chili m'makoko. Chachiwiri, popempha udindowo anatchula zinthu ziwiri zomuyenereza, kuti ndi wodziwa kusunga ndiponso ndi wozindikira. Mtima wabwino wokha sunali wokwanira. Munthu wopemphera kwambiri koma wosadziwa kuunjika matumba angawononge chakudya cha boma lonse ali ndi chikumbumtima chabata. Chifukwa cha ichi ndikuti kuphunzira ntchitoyi, kudziwa khalidwe la nankafumbwe ndi la chuku, ndi mbali ya chilungamo cha wosunga nkhokwe, ndipo wolandira makiyi osafuna kuphunzira wayamba kale kulakwira munthu wa mu Febuluwale.

Wina wodziwa Baibulo anganditsutse kuti malemba omwewo amakayikira kusunga. Mana a m'chipululu ankachita mphutsi munthu akawasungira mawa. Yesu anaphunzitsa za mbalame zimene sizikhala ndi nkhokwe, ndipo anasimba za mwini chuma amene anaphwasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, n'kufa usiku womwewo. Kodi shedi yodzaza si chizindikiro cha kusakhulupirira Mulungu? Chitsutso ichi sichilimba tikawerenga bwino. Mwini chuma uja ankalankhula ndi moyo wake wokha, ndipo m'malingaliro ake onse munalibe munthu wachiwiri. Wosunga mana mobisa ankafuna kukhala ndi zoposa za anzake pamene chakudya chinkagwa tsiku lililonse. Ku Chongwe chakudya sichigwa tsiku lililonse. Mvula imabwera nyengo imodzi, kuyambira cha mu Novembala mpaka mu Malichi, ndipo zokolola za nyengo imodziyo ziyenera kudyetsa miyezi 12, nthawi zina 24. Chaka cha 2024 chinaonetsa zimenezi: pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, pamene mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga anali atapserera. M'dziko lotere, kusunga za anthu onse ndi njira imene chakudya cha tsiku ndi tsiku chimene timapempha m'pemphero chimafikira kwa osauka.

Chitsutso cholemera kwambiri chimachokera m'mudzi, ndipo ichi sindikufuna kuchipeputsa. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Chikhalidwe chathu chimalemekeza dzanja lotseguka, ndipo munthu wokana mbale wake chakudya chili pafupi amatchedwa wouma mtima, wopanda umunthu. Tiyerekeze mayi wamasiye amene wabwereka ngolo, wayenda mtunda wautali, wagona pa depoti kudikira mzere, ndiyeno kachipangizo kaonetsa 14 peresenti. Akabwezedwa alipira ngolo kawiri, kapena agulitsa kwa ogula oyendayenda pa mtengo wotsika kuposa K340 imene FRA inalengeza mu 2025. Ana ake akudikira ndalama ya yunifolomu ndi mabuku. Wosunga depoti amamudziwa, mwina amapemphera naye mpingo umodzi, mwina ndi azakhali a mkazi wake. Kodi Mulungu amene amafuna chifundo kuposa nsembe angakondwere ndi munthu wobweza mayi ameneyu chifukwa cha nambala ya pa kachipangizo? Yesu mwini anakumbutsa Afarisi za Davide amene anadya mkate wopatulika ali ndi njala. Lamulo likalimbana ndi munthu wovutika, mtima wa wokhulupirira aliyense umathamangira kwa munthuyo, ndipo kuthamanga kumeneko n'kwabwino.

Komabe pa depoti lamulo silikulimbana ndi munthu. Pali anthu awiri ovutika, wina akuoneka, wina sakuoneka, ndipo lamulo likuimira wosaonekayo. Mkate umene Davide anadya sunadwalitse munthu, ndipo panalibe wanjala wina amene ankaudikira. Matumba 20 onyowa akalowa pakati pa mulu amatenthetsa oyandikana nawo, ndipo chuku sichifunsa kuti thumba ili linali la wamasiye. Palinso mfundo ina imene mwambi uja umaiganizira kale: munthu amapatsa zake. Wotenga m'nkhokwe ya anthu onse kuti athandize mbale wake akudzigulira mbiri ya kukoma mtima ndi chuma cha ena, ndipo amene alipire mbiriyo ndi osauka opanda achibale pa depoti. Chifundo chotere chimatsata magazi ndi chinansi, choncho chimathera kwa amene ali kale ndi omudziwa. Ine sindikuti wosunga depoti akhale mwala. Pali zambiri zimene chifundo chingachite popanda kunama. Angamuyezere mayiyo chimanga asanatsitse matumba onse, angamubwereke lona kuti ayanike pomwepo masiku awiri, angamusungire malo pa mzere, angauze alimi a m'deralo msanga kuti abweretse chitsanzo chochepa asanabwereke ngolo. Ngati mtima wake wakhudzika koposa, m'thumba mwake muli malipiro ake, ndipo apo mwambi uja ugwira ntchito bwino lomwe. Njira zimenezi n'zotopetsa kuposa kutsinzina diso limodzi, ndipo mwina n'chifukwa chake ambiri amakonda kutsinzinako.

Mlimi alinso ndi zake zimene wosunga depoti ayenera kumusungira, ndipo apa munthu wooneka ndi wosaoneka amafuna chinthu chimodzi. Mneneri Amosi anadzudzula ogulitsa tirigu ochepetsa muyeso, onyenga ndi sikelo, ogulitsa ndi mungu womwe. Sikelo yoba theka la kilogalamu pa thumba, chinyezi chokokomezedwa kuti mlimi apereke kenakake, lisiti yolembedwa m'dzina la wogula woyendayenda pamene alimi enieni akugona panja, zonsezi zimapha chikhulupiriro cha mlimi, ndipo mlimi wokhumudwa chaka chamawa sabweranso. Nkhokwe ya dziko imadzaza ndi chimanga cha alimi ang'onoang'ono amene akukhulupirira kuti sikelo ndi yoona ndipo ndalama idzabwera. Wobera mlimi lero akuchepetsa chimanga cha m'shedi cha zaka zikubwerazi.

Chitsutso chachitatu n'chakuti ndikusenzetsa munthu wamng'ono katundu wa akuluakulu. Wosunga shedi sasankha kuchuluka kwa chimanga chogula, sakhazikitsa mtengo, salamula kuti chigulitsidwe kunja, salipira alimi. Mbiri ikuchitira umboni chitsutsochi. Mu 2011 FRA inagula matani oposa 1.5 miliyoni, ochuluka kuposa mashedi amene analipo, ndipo chimanga chambiri chinakhala panja pansi pa malona mpaka mvula inachipeza. Ku Malawi, njala ya 2002 isanafike, nkhokwe ya dziko ya matani pafupifupi 167,000 inali itagulitsidwa, ndipo pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ankalengeza za tsoka mu Febuluwale chaka chimenecho, nkhokwezo zinali zopanda kanthu ndipo anthu anafa ndi njala. M'Zambia mu 2024, boma litayamba kufunafuna chimanga ku Tanzania, anthu anakangana kwambiri za chimanga chimene chinagulitsidwa kunja m'zaka za m'mbuyo mwake. Zosankha zonsezi zinachitikira m'maofesi a m'mizinda ikuluikulu, kutali ndi munthu wogwira makiyi. N'zoona, ndipo kungakhale kupanda chilungamo kumuimba mlandu wa ndondomeko za nduna.

Koma chitsutsochi chikuvumbula chinthu chimene chikulimbitsa mfundo yanga, chakuti kumvera bwana sikukwanira kutchedwa kukhulupirika. Nkhani ya Yosefe ili ndi mutu umene alaliki amaudumpha, Genesis 47. Njala itakula, Yosefe anagulitsa tirigu kwa Aejipito mpaka ndalama zawo zinatha, kenako anatenga ziweto zawo, kenako minda yawo, pomaliza iwo eni anadzipereka kukhala akapolo a Farao. Tirigu ameneyu anachokera m'minda ya anthu omwewo. Yosefe anapulumutsa miyoyo, ndipo kwa Farao anali wantchito wopanda banga, koma nkhokwe inasanduka chida cholandira anthu dziko lawo. Ine ndimawerenga mutu umenewu ngati chenjezo loikidwa dala, pakuti buku lotsatira likuyamba ndi ana a Israyeli akumangira Farao wina mizinda yosungiramo chuma ali akapolo. Nkhokwe ndi mphamvu, ndipo wogwira makiyi angalakwe potsegula, angalakwenso potseka. Buku la Miyambo likunena za temberero la anthu pa munthu womana tirigu. Zambia ikudziwa kulemera kwa temberero limeneli: zipolowe za ufa za ku Copperbelt mu Disembala 1986, ndi za ku Lusaka mu Juni 1990 zimene zinapha anthu oposa 20, zinagwedeza boma la Kenneth Kaunda ndi kufulumizitsa kubwerera kwa zipani zambiri. Chimanga chotsekeredwa pamene munthu wa mu Febuluwale wafika pakhomo chataya chifukwa chimene chinasungidwira.

Nanga munthu wamng'onoyo angachite chiyani pamene lamulo lochokera pamwamba likupweteka amene iye akuwaimira? Sangatsegule shedi mwa iye yekha n'kuyamba kugawa, pakuti akatero aliyense wogwira makiyi adzakhala mfumu ya chakudya m'dera lake, ndipo tidzabwerera ku chifundo chotsata chinansi. Chimene chili m'manja mwake, chimene palibe nduna ingachite m'malo mwake, ndi kunena zoona m'buku. Nambala imene Pulezidenti amauza dziko kuti tili ndi chimanga cha miyezi yakutiyakuti imayambira pa khadi lopachikidwa pa mulu wa matumba ku Chongwe, ku Petauke, ku Kalomo. Wosunga shedi akalemba matumba owola ngati abwino poopa kudzudzulidwa, akasaina kuti lole yatsitsa pamene sinabwere, akavomera kuti chimanga chotuluka pa lamulo la pakamwa chisalembedwe, ndiye kuti dziko likupanga mapulani pa chakudya chimene kulibe, ndipo bodzalo lidzaululika pa tsiku limene sipadzakhala nthawi yolikonza. Akalemba kuti denga likudontha, malona atha, mankhwala sanabwere, mulu wachitatu wayamba kutentha, n'kulembanso mwezi wotsatira ngakhale sanayankhidwe, wachita mbali yake ya uneneri. Akakana kusaina chimene sanaone ndi maso, wamangira wakuba wamkulu mpanda, chifukwa katangale wa pamwamba amafuna siginecha ya pansi kuti aoneke woyera. Nehemiya atabwerera ku Yerusalemu anapeza kuti wansembe Eliyasibu wapereka chipinda chosungiramo zopereka kwa mnansi wake Tobiya, ndipo Alevi athawira kuminda chifukwa chosowa chakudya. Anataya katundu wa Tobiya panja, n'kuika anthu anayi oyang'anira nkhokwe, osankhidwa chifukwa ankadziwika kuti ndi okhulupirika, ndipo mmodzi mwa iwo anali mlembi.

Kunena zoona kotereku kuli ndi mtengo, ndipo kungakhale kupepuka mtima kuulemba ngati palibe. Munthu wokana kusaina angasamutsidwe, angachotsedwe, ndipo ambiri ogwira ntchito m'madepoti amalembedwa kwa nyengo yogula yokha, choncho chaka chamawa dzina lawo lingangosowa pa mndandanda. Sindikunena kuti wogonja poopa kusowetsa ana ake chakudya ali wofanana ndi bwana amene anamuopseza. Mlandu wa bwanayo ndi waukulu. Koma wogonjayo adziwe kuti wagonja, asadzitonthoze kuti ankangomvera, pakuti siginecha ndi umboni, ndipo umboni wonama unaletsedwa pamodzi ndi kuba.

Pali ena amene amati nkhani ya chikumbumtima yatha ntchito, makina ndiwo akonze zonse. Masiku ano alimi amalipidwa kudzera ku banki ndi pa foni, kuli masikelo a manambala, kuli makompyuta, ndipo lamulo la Agricultural Credits Act la 2010 linatsegula njira yoti mlimi asungitse mbewu m'nyumba yovomerezeka n'kulandira lisiti imene angagulitse kapena kukongolera ndalama, ntchito imene bungwe la ZAMACE linapatsidwa kuyang'anira. Zonsezi n'zabwino ndipo zimachepetsa mayesero. Koma lisiti yotereyi ili ndi mtengo chifukwa chakuti munthu wina waona chimangacho, wachiyeza, ndipo akulonjeza kuti chilipo ndipo n'chouma. Kompyuta imasunga zimene yauzidwa. Singapise mkono pakati pa matumba kuti imve kutentha, singamve fungo la chuku, singaone ndowe za makoswe kuseri kwa mulu. Makina akachuluka, bodza limodzi la munthu wa pakhomo limayenda mtunda wautali kuposa kale, mpaka ku banki, ndipo limavala maonekedwe a choonadi.

Ngati zonsezi zili zoona, ndiye kuti ife otsala tili ndi ngongole kwa munthu ameneyu, ndipo ngongoleyi sitikuibweza bwino. Chaka ndi chaka anthu a mtundu wa Asoli amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imapempherera mvula ndi kubzala mbewu zoyamba. Mipingo imapempherera mvula, imachita zikondwerero za masika. Pakati pa kukolola ndi kudya, pamene chakudya chimakhala miyezi yambiri m'manja mwa anthu ochepa, pamakhala chete. Dziko limene Pulezidenti Frederick Chiluba analilengeza mu Disembala 1991 kuti ndi la Chikhristu liyenera kukhala ndi alaliki odziwa kuti m'mipando yawo mwakhala akalaliki a m'madepoti, alonda ndi oyang'anira mashedi, ndipo mayesero awo ali ndi mayina: sikelo, lisiti, mlamu, foni ya bwana. Mpingo umene umalandira chopereka chachikulu cha wosunga shedi osafunsa, n'kumanyoza mnzake amene anapuma ntchito alibe galimoto, ukuphunzitsa achinyamata njira yoti atsate. Achibale nawonso ali ndi mbali yawo, pakuti kupempha munthu chinthu chimene angapereke pokhapokha ataba ndi kumuika pa msampha.

Boma ndi mabungwe olemba ntchito ali ndi mbali yaikulu koposa. N'kulakwa kupatsa munthu chimanga cha mamiliyoni a makwacha n'kumuchedwetsera malipiro ake, kapena kumufunsa za matumba owola pamene malona ndi mankhwala amene anapempha sanatumizidwe. N'kulakwanso kuchedwa kulipira alimi, chifukwa mkwiyo wawo umagwera munthu wa pa depoti amene amakumana naye pamsika ndi kumaliro. Zokolola za 2025 zinafika matani pafupifupi 3.7 miliyoni, chaka chimodzi chokha pambuyo pa chilala chimene chinasiya dziko ndi matani 1.5 miliyoni. Chaka cha zokolola zochuluka ndicho chimayesa wosunga nkhokwe koposa, pakuti mashedi amadzaza, milu imamangidwa panja, malole amachedwa kudzatuta, ndipo mvula ya Novembala siidikira. Woyang'anira amene walemba kalata mu Seputembala kunena kuti milu yake ili pamtunda ndipo malona ndi obooka ayenera kuyankhidwa ndi malole ndi malona mwezi wa Okutobala usanathe, ndipo kalata yakeyo iyenera kusungidwa pamalo pamene ofufuza za chuma cha boma adzaipeze.